Matchona a ku Migodi: Mmene Kitwe ndi Ndola Inasandukira Kwathu

Pafupifupi mudzi uliwonse wa ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, ngakhalenso tsidya lija la Malawi, uli ndi munthu amene akuluakulu amamukumbuka ndi mawu akuti, "Uja anapita ku migodi." Ena mwa anthu amenewa anabwerako ndi njinga, bulangete ndi bokosi lachitsulo lodzaza ndi zovala. Ena anabwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala. Ena sanabwerenso, ndipo kumudzi anawatcha matchona. Ana awo ndi adzukulu awo ndi amene lero amadzaza matchalitchi a ku Wusakile, Chimwemwe, Chifubu ndi Masala. Amayankhula Chibemba cha m'tauni, koma mukawafunsa maina mudzamva a Phiri, a Banda, a Tembo ndi a Zulu.

Okondedwa awerengi, mwezi uno tafuna kuti tikumbutsane mbiri ya mizinda iwiri ya Kitwe ndi Ndola. Anthu amene anayamba mizindayi sanalinge kuti munthu wakuda adzakalambire kumeneko. Anamufuna ngati mlendo, woti agwire ntchito mphamvu zikadalipo, kenaka abwerere kwao. Mmene mlendoyo anasandukira mwini mudzi, ndiponso mtengo umene analipira, ndiyo nkhani yathu.

Dziko la Alamba ndi mkuwa wake

Mwa mizinda iwiriyi, Ndola ndiye woyamba kubadwa. Boma lake linatsegulidwa m'chaka cha 1904 ndi John Edward Stephenson, mzungu wa kampani ya British South Africa Company amene anthu anamupatsa dzina loti Chirupula. Dzikolo linali la Alamba, ndipo pa Bwana Mkubwa, pafupi ndi Ndola, panali kale maenje amene anthu akale ankakumbamo mkuwa azungu asanabwere. Njanji yochokera kumwera inafika m'chaka cha 1909 pa ulendo wake wopita ku Katanga. Komabe migodi ikuluikulu inadikira mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene akatswiri anaboola pansi kwambiri napeza miyala yolemera koposa ya pamwamba. Makampani awiri anagawana chumacho. Anglo American ya Ernest Oppenheimer inatenga Nkana ndi Nchanga, pamene Rhodesian Selection Trust ya Chester Beatty inatenga Roan Antelope ku Luanshya ndi Mufulira. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa m'chaka cha 1932, ndipo tauni ya Kitwe inakhazikitsidwa pambali pake m'chaka cha 1936.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri a ife sitinaphunzire kusukulu. British South Africa Company inasiya kulamulira dziko la Northern Rhodesia m'chaka cha 1924, koma inapitiriza kunena kuti miyala yonse ya pansi pa nthaka ndi yake, ndipo inkalandira gawo lake pa mkuwa uliwonse wokumbidwa. Umwini umenewu inkautsamiritsa makamaka pa mapangano amene inachita ndi Lewanika, mfumu ya Alozi, ngakhale kuti ufumu wa Lewanika sunafike ku dziko la Alamba. Motero Alamba anaona chuma chikutuluka pansi pa minda ya makolo awo chifukwa cha pepala limene iwo sanaikepo chala.

Nanga n'chiyani chinachotsa amuna m'midzi yakutali chotere? Choyamba chinali msonkho, umene unkafunika m'ndalama pamene kumudzi kunalibe kopezera ndalama. Kum'mawa kuno zinthu zinanyanya, pakuti Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'chaka cha 1898 analandidwa ng'ombe zambiri, ndipo nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, inapita kwa azungu. Poyamba amuna ambiri a kuno ankalowera kumwera, ku mafamu ndi migodi ya Southern Rhodesia, koma migodi ya mkuwa itatseguka ena anatembenukira kumeneko. Amuna a ku Nyasaland, amene ambiri anaphunzira m'masukulu a mishoni, ankapeza msanga ntchito za ukalaliki, za m'chipatala ndi za ukapitawo, ndipo zimenezi nthawi zina zinkadzetsa kaduka pakati pa iwo ndi anzawo otsikira pansi.

Moyo wa m'komboni unkayendera chitupa, tikiti ndi phoso. Chitupa chinkasonyeza mudzi wa munthu, mfumu yake ndi bwana wake. Tikiti inkadzaza munthu akagwira masiku 30, ndipo m'zaka za m'ma 1930 woyamba ntchito pamwamba ankalandira mashileni 12 ndi mapeni 6 pa tikiti, pamene wotsikira pansi ankayambira pa mashileni 22 ndi mapeni 6. Makampani ankalola amuna kubwera ndi akazi awo, osati chifukwa cha chifundo, koma poona kuti mwamuna wokhala ndi banja sathawa ntchito ndipo sadwaladwala, popeza mkazi amamuphikira ndiponso amalima kadimba m'dambo. Koma nyumba inali ya kampani. Ntchito ikatha, nyumba yatha. Zimenezi zinaoneka poyera pamene mtengo wa mkuwa unagwa m'chaka cha 1931: mwa antchito pafupifupi 30,000 amene analipo m'chaka cha 1930, pofika kumapeto kwa 1932 anatsala osakwana 8,000, ndipo enawo anangouzidwa kuti azipita kwao. Akazi osakwatiwa nawo ankasakidwa ndi kubwezedwa kumidzi, boma ndi mafumu atagwirizana kuti tauni si malo a mkazi wopanda chikalata cha ukwati.

Chikhulupiriro chinafika ndi antchito omwewo

Tisaganize kuti amishoni ndiwo anayamba kufika ku migodi. Akhristu anatsogola. Amuna obatizidwa ku Chilubula, ku Kachebere ndi ku Minga ankasonkhana okha madzulo kunena Kolona ndi kuphunzitsana katekisimu, popanda wansembe. Anzathu a mipingo ina anachitanso chimodzimodzi, mpaka anayambitsa mpingo wao wogwirizana, wa anthu a mitundu ndi mipingo yosiyanasiyana, amishoni asanabwere kudzawayang'anira. Ansembe a chipani cha Fransisko Woyera ochokera ku Italy anafika ku Bwana Mkubwa m'chaka cha 1931 motsogozedwa ndi Bambo Francis Mazzieri, amene pambuyo pake anadzakhala Episkopi woyamba wa Ndola. Anapeza nkhosa zomwazika koma zosatayika.

Vuto limene linkasautsa ansembe ndi akatekisiti a nthawi imeneyo linali la maukwati. Mwamuna wasiya mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi kumudzi, zaka zikupita, ndipo m'komboni watenga wina womuphikira. Kumudziko mkazi akulima yekha, akulera ana yekha, akudikira kalata imene sikubwera. N'kosavuta kudzudzula amuna amenewa, ndipo ena anayeneradi kudzudzulidwa. Koma tiyeneranso kunena kuti dongosolo limene limalekanitsa mwamuna ndi mkazi wake zaka zambiri, n'kumamuuza kuti kumene akukhalako si kwao, linali ndi tchimo lakelake.

Magazi a ku Luanshya ndi ku Nkana

M'mwezi wa Meyi chaka cha 1935 boma linakweza msonkho wa anthu okhala ku migodi mwadzidzidzi, ndipo antchito ananyanyala ntchito, kuyambira ku Mufulira, kenaka ku Nkana, pomaliza ku Roan Antelope. Uthenga unkayenda m'makalata olembedwa pamanja ndiponso kudzera m'magulu a gule wa mbeni, amene azungu ankayesa masewera chabe. Pa 29 Meyi apolisi anawombera khamu la anthu ku Luanshya napha anthu 6.

Patapita zaka zisanu, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati ndipo Britain ikufuna mkuwa wopangira zida, antchito achizungu ananyanyala ntchito m'mwezi wa Malichi 1940 nalandira zimene ankafuna. Anthu akuda ataona zimenezi anati nafenso tiyese. Anafika pouza mabwana kuti azungu atsikire pansi okha tsiku limodzi, akuda nawonso okha tsiku lina, kuti zioneke amene amakumbadi mkuwa. Yankho linabwera pa 3 Epulo 1940 pa ofesi ya komboni ya Nkana, pamene asilikali anawombera anthu. Anthu 17 anafa ndipo oposa 60 anavulala. Amene amadutsa ku Wusakile lero popita ku Misa, ndi angati amene amadziwa kuti akuyenda pafupi ndi malo amenewa?

Makampani ankafuna kuti madandaulo a antchito azidzera kwa akuluakulu oimira mtundu uliwonse, Abemba paokha, Angoni paokha, Alozi paokha. Koma pansi pa mgodi mwala ukamagwa sufunsa mtundu wa munthu, ndipo antchito anazindikira kuti mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 1947 boma la Britain linatumiza William Comrie, wa ku Scotland, kuti athandize kukhazikitsa mabungwe a antchito, ndipo m'chaka cha 1949 nthambi za pa migodi yonse zinalumikizana kukhala bungwe limodzi la African Mineworkers' Union. Mtsogoleri wake anali Lawrence Katilungu, amene anayamba waphunzitsa pa sukulu ya mishoni asanakalowe ntchito ku Nkana. M'chaka cha 1952 bungweli linaimitsa migodi yonse kwa masabata atatu mwabata, popanda kukhetsa magazi, ndipo malipiro anakwezedwa. Chaka chotsatira antchito anavota kuti akuluakulu a mitundu aja achotsedwe. Chapanthawi yomweyo lamulo la m'chaka cha 1948 linali litayamba kukakamiza olemba ntchito ndi makhonsolo kumanga nyumba zoyenera anthu apabanja. Pang'onopang'ono boma linayamba kuvomereza chimene amayi a m'komboni ankadziwa kale, kuti ana obadwira ku Kitwe sadzapita kukakhala kumudzi kumene sanakuonepo.

Zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, zinali zaka za phindu lalikulu pa mkuwa, koma ndalama zambiri za msonkho wake zinkapita ku Salisbury. Munthu wakuda wokumba chuma chimenechi ankagulabe nyama pa kawindo ka kumbali kwa sitolo, osaloledwa kulowa pakhomo. Usiku wa pa 17 Seputembala 1961 dzina la Ndola linamveka pa dziko lonse, pamene ndege ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, inagwa m'nkhalango pafupi ndi mzindawu iye akupita kukakambirana za nkhondo ya ku Katanga. Katilungu naye anafa pa ngozi ya galimoto chaka chomwecho, ufulu asanauone.

Mkuwa m'manja mwathu

Kutatsala maola ochepa kuti mbendera ya Zambia ikwezedwe pa 24 Okutobala 1964, British South Africa Company inavomera kusiya umwini wa miyala ija italonjezedwa mapaundi 4 miliyoni, theka lochokera ku Britain, theka ku Zambia. Dziko latsopanoli linali ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anatsiriza maphunziro a ku yunivesite, patatha zaka zoposa 30 mkuwa ukutuluka. Chiwerengero chimenechi chokha chikukwanira kuweruza ulamuliro wa atsamunda.

Zaka khumi zoyamba za ufulu zinali zokoma. M'chaka cha 1969 migodi inatulutsa matani oposa 700,000, ndipo m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza ku Matero kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi. Ian Smith atalanda ulamuliro ku Rhodesia m'chaka cha 1965, njira ya kumwera inavuta, ndipo Ndola inakhala pothera paipi ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1968, ndi malo oyengera mafuta a Indeni, amene anayamba ntchito m'chaka cha 1973. Mafakitale anachuluka mumzindawu. Chisoni chachikulu cha zaka zimenezo chinali ngozi ya ku Mufulira pa 25 Seputembala 1970, pamene matope analowa mumgodi napha anthu 89.

M'chaka cha 1982 makampani a migodi anaphatikizidwa kukhala ZCCM. Amene anakulira m'nyumba za mgodi amaikumbuka kampani imeneyi ngati kholo. Mwana ankabadwira m'chipatala cha mgodi, n'kulandira matewera a mgodi. Madzi, magetsi, kuchotsa zinyalala, mabwalo a mpira, makalabu a amayi ophunzirira kusoka ndi kuphika, zonsezi zinali za kampani. Babu la magetsi likapsa, ankapita kukatenga lina ku ofesi. Munthu akamwalira, bokosi ndi galimoto zinkachokera komweko. Sitikunena zimenezi monyoza, pakuti wantchito ayenera malipiro osamalira banja lake lonse, monga momwe Apapa akhala akuphunzitsira kuyambira pa kalata ya Rerum Novarum ya m'chaka cha 1891. Koma chinthu chimodzi sichinasinthe kuchokera nthawi ya atsamunda: nyumba inali idakali ya kampani, ndipo moyo wonse wa banja unapachikidwa pa mtengo wa mkuwa umene unkaikidwa ku London.

Mtengowo unagwa m'chaka cha 1975, pamene mafuta anali atakwera kale. Boma linayamba kukongola poyembekeza kuti zinthu zibwerera mwakale, koma sizinabwerere. Ndalama za migodi zinkagwiritsidwa ntchito zina zambirimbiri, makina akukalamba osasinthidwa. Mizere ya sopo, mafuta ophikira ndi shuga inakhala chizolowezi. M'mwezi wa Disembala 1986 boma, potsata malangizo a IMF, linachotsa chithandizo pa mtengo wa ufa woyera ndipo mtengo wake unakwera kuposa kawiri. Kitwe, Ndola ndi matauni ena a ku migodi anawira, masitolo anathyoledwa, ndipo anthu 15 anafa. Kaunda anabweza mtengo wakale, koma chikhulupiriro cha anthu sichinabwerere.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri anadzapereka nsembe ya Misa ku Kitwe m'mwezi wa Meyi 1989, pakati pa anthu otopa ndi mavuto amenewa. Chaka chotsatira Maepiskopi athu analemba kalata yotchedwa Economics, Politics and Justice, yofunsa poyera za ulamuliro wa chipani chimodzi. Ku Ndola, Ambuye Dennis de Jong, amene anatsogolera dayosiziyi kuyambira 1975 mpaka imfa yao m'chaka cha 2003, ndiponso magazini ya Chibemba ya Icengelo yosindikizidwa ku Mission Press, sanaope kunena zimene anthu ankangonong'onezana. Ndipo munthu amene anagonjetsa Kaunda pa chisankho cha pa 31 Okutobala 1991, Frederick Chiluba, anali mwana wa komweko, wobadwira ku Kitwe, wogwira ntchito ku Ndola, mtsogoleri wa mabungwe a antchito. Anthu a ku migodi anamuvotera ndi mtima wonse poganiza kuti mmodzi wa iwo sangawaiwale.

Nyumba inabwera, ntchito itapita

Walira mvula walira matope. Malonda atatsegulidwa kwa katundu wakunja, mafakitale ambiri a ku Ndola, monga a matayala a Dunlop, anatseka zitseko. Migodi inagulitsidwa umodziumodzi. Wa ku Luanshya unapita kwa kampani ya Binani m'chaka cha 1997 ndipo unagwa patangopita zaka zitatu. Nkana ndi Mufulira inagulitsidwa m'chaka cha 2000 kwa Mopani, ya makampani a Glencore ndi First Quantum. Anglo American, imene inabwereranso kudzatenga Nchanga ndi Konkola chaka chomwecho, inanyamuka m'chaka cha 2002. Kale atsamunda ankati munthu wakuda ndiye mlendo m'tauni, koma akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo amene anakamuka dzuwa litatentha anali makampani. Antchito a m'migodi, amene anali oposa 60,000 m'chaka cha 1976, anatsala osakwana 20,000 m'chaka cha 2001, ndipo mkuwa wotuluka pachaka unatsika kufika pafupifupi matani 250,000.

M'zaka zomwezo, kuyambira cha m'ma 1997, nyumba za mgodi zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo, ndipo kwa ambiri mtengo wake unachotsedwa pa ndalama zao zopumira ntchito. Taganizirani bwino zimenezi, awerengi. Chinthu chimene agogo anakanizidwa m'chaka cha 1932, chimene atate sanachipeze ngakhale pa nthawi ya ZCCM, mdzukulu anachilandira, chikalata cha nyumba m'dzina lake, koma anachilandira tsiku limene ntchito inatha. Anakhala mwini nyumba yopanda malipiro, yofuna kulipirira madzi ndi magetsi zimene kale zinali zaulere. Ena anagulitsa nyumbazo motchipa n'kukayesa ulimi ku Mpongwe kapena ku Lufwanyama. Ena anachititsa lendi zipinda n'kudzipanikiza m'chipinda chimodzi. Ochepa anayesa kubwerera kumudzi kwa makolo, kumene anakapeza kuti munda unagawidwa kalekale ndipo ana awo sadziwa kugwira khasu.

Nthawi yomweyo matenda a Edzi anali akupulula anthu, ndipo zipatala za mgodi sizinalinso zotsegukira aliyense. Apa ndi pamene mabungwe ang'onoang'ono a akhristu m'makomboni anaonetsa ntchito yao. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 dayosizi ya Ndola inakonza dongosolo losamalira odwala kunyumba, ndipo amene analisenza anali makamaka amayi odzipereka, osalipidwa, oyenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kuyang'anira ana amasiye. Maina awo sanalembedwe pa chipilala chilichonse. Ambiri a iwo anali akazi a amuna omwe aja anachotsedwa ntchito.

Mtengo wa mkuwa unadzakweranso kuyambira cha m'ma 2004, ndipo eni migodi apitiriza kusinthana. Mopani inabwerera m'manja mwa boma m'chaka cha 2021, ndipo m'chaka cha 2024 gawo lalikulu linagulidwa ndi kampani ya ku Abu Dhabi. Chaka chomwecho Ndola inakwezedwa kukhala Arkidayosizi, ndipo Arkiepiskopi wake woyamba, Ambuye Benjamin Phiri, anatumikirapo ku Chipata. Koma migodi ya makono imagwiritsa ntchito makina ambiri ndi anthu ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo amalembedwa ndi makontirakitala kwa miyezi yowerengeka. Pafupi ndi Wusakile pali phiri lakuda la zotsalira za ng'anjo ya Nkana, limene anthu amalitcha Black Mountain, ndipo achinyamata osowa ntchito akhala akukumba pamenepo kufunafuna zimene makampani anataya. M'mwezi wa Juni 2018 mbali ina ya phirilo inagumuka n'kupha anthu osachepera 10.

Madimba aja a m'madambo, amene amayi oyamba kufika m'komboni ankalima kuti awonjezere pa phoso, ndiwo akudyetsanso mabanja ambiri m'mbali mwa mtsinje wa Kafue ndi timitsinje take. M'mwezi wa Febuluwale 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa Sino-Metals pafupi ndi Chambishi linaphulika, ndipo madzi a asidi anatsikira mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, chimanga ndi ndiwo zamasamba zinapserera m'minda ya m'mphepete, ndipo mipopi ya madzi mumzinda wa Kitwe inatsekedwa kwa masiku angapo. Pakati pa amene anaimirira m'minda yopsererayo panali adzukulu a matchona aja, amene agogo awo anaikidwa m'manda a ku Kitwe komweko.